Amene Ankaseka pa Tepi Ija

Aleluya! Mtendere ukhale nanu, abale ndi alongo. Abusa, zikomo pondipatsa mpata. Lero ndiyankhula ndithu.

Ine ndinali woyimba. Musaseke, imvi izi zabwera dzana! Nthawi ya chipani chimodzi ili pafupi kutha, anthu ochokera ku Joni ankabwera ndi makaseti a nyimbo zoyankhula, zija amati rapu. Ine ndi mnzanga Amidu, mwana wa ku Machinga, tinapenga nazo. Tinkapeka zathu m'Chichewa, iye n'kumathiramo Chiyao.

Kuseri kwa shopu ya telala, pafupi ndi siteshoni kuno ku Balaka, kunali kachipinda ka a Likoswe. Ndiwo ankajambula oyimba n'kumadinda dzina lawo pa makaseti. Khoma lonse mabulangete ndi mathileyi a mazira. Sitima ikamadutsa tinkaleka kuyimba, koma iwo tepi sankayimitsa. Ankati, "Zokoma zimatuluka munthu asanakonzeke." Ndiye makina aja ankangomeza chilichonse.

Tsiku lina tikudikira kuti sitima ya ku Nkaya idutse, Amidu anayamba kupeka pompo, pakamwa pali pa maiki. Ankanyogodola anyamata a chipani amene anakakamiza mlongo wake kugula makadi awiri a chipani pamsika, lina lake, lina la mwana wa m'mimba. Ine ndinaseka mpaka misozi. A Likoswe sanaseke. Anatseka chitseko nati, "Izi ndifufuta mawa."

Madzulo omwewo anatiyikira nyimbo zathu zimene anamaliza kukonza kuti timve. Abale, mawu anga munalibe! Anachotsa ndime zanga zonse. Akuti, "Iwe umatsalira m'mbuyo mwa ng'oma." Pachikuto cha kaseti, nkhope ya Amidu yekha. Ine amene ndinalemba theka la mawuwo! Mtima unandiwawa, ndipo ndinadana naye mnzanga wosalakwa.

Ndinaba tepi yosafufutayo n'kupita nayo kwa tcheyamani wa chipani. Ndinkati Amidu angomumenya makofi awiri, kaseti ailetse, basi.

Tcheyamani anaimvera kawiri, uku akusenda mtedza. Kenako anandiyang'ana.

"Nanga akusekayu ndani?"

Ndinali nditaiwala kuti nanenso ndilimo. Ndinati, "Ndi a Likoswe, bwana."

Ndinanama, abale. Ndinanama!

Lachisanu masana, galimoto yopanda nambala inaima pamsika. Amidu anamutenga akuchokera kumzikiti. A Likoswe anawatenga pamodzi ndi makina awo. Palibe anafunsa. Amayi ogulitsa tomato anangoyang'ana pansi.

A Likoswe anabwerako patapita miyezi, miyendo yotupa, akutsokomola magazi. Mvula isanagwe tinawaika. Ine ndemwe ndinanyamula nawo bokosi! Za Amidu kunali zii. Mayi ake ankayenda kuchokera ku Machinga kudzandifunsa, "Mwanangu, iwe ndiwe mnzake, wamvako chiyani?" Ankandibweretsera mpunga m'kansalu. Ndinkadya mpungawo, abale. Ndinkadya.

Ndinalowa m'kachasu. Ndikaona galimoto yaima ndinkathawira m'chimanga. Kuyimba kunatha, nzeru zinatha, ndinkagona m'ngalande ngati galu. Lamulungu lina ndinalowa muno pothawa mvula, ndikununkha mowa. Abusa akale aja sanandithamangitse. Anandigwira dzanja n'kundipempherera. Ndinalira ngati mwana, ndipo botolo ndinalisiya tsiku lomwelo. Ambuye alemekezeke!

Koma mtendere sunabwere. Ndikagwada kuti ndipemphere, ndinkadzuka pemphero osalimaliza. Nditamva kuti zinthu zasintha ndipo Amidu anamutulutsa kundende, ndinakwera njinga mpaka kwawo. Ndinamupeza akusoka mphasa, mano akutsogolo mulibe, khutu limodzi losamva. Ndinagwada n'kuulula zonse.

Iye sanasiye kusoka. Anati, "Achimwene, ndinadziwa. Tepi ija ankandiyikira kundende tsiku lililonse. Akuti nditchule wosekayo, chifukwa a Likoswe akukana. Kuseka kwanu ndingakuiwale ine? Sindinakutchuleni."

Ine ndinamugulitsa, iye anandibisa.

Lero ndikuthokoza Mulungu kuti ndili moyo. Ndimapalasa kabaza, ndili ndi mkazi ndi ana atatu, mowa sindilawa. Dzinja lililonse ndimapita kukalima munda wa Amidu. Sananene kuti wandikhululukira, iyayi, koma madzi akumwa amandipatsa.

Watsala munthu mmodzi amene sindinamuuze. Zaka zonsezi timapemphera limodzi muno, timapatsana moni pakhomo apo, ine n'kumayang'ana kumbali. Mayi Likoswe, mwakhala pa benchi yachitatu apo. Amuna anu sanaseke. Anaseka ndine, ndipo amene anawatchula ndine. Sindithawa, mayi. Ndaima pompano.