Mfuti Yoti Ikhale Yachiwiri

Kwathu kuno ku Bavaria, amene walasa pakati penipeni pa chandamale pa mpikisano wa pachaka timamuveka unyolo wa siliva n'kumutcha mfumu ya kalabu yathu yowombera mfuti, wachiwiri timamukoleka nkhata ya masoseji m'khosi, wachitatu ya tibuledi tamchere. A Korbinian anali atavala unyolowo zaka zitatu zotsatizana, ndipo akazi awo, mayi Walburga, atatopa ndi ntchito za mkazi wa mfumu, zophikira alendo ndi zoguba m'misewu atavala nsapato zothina, anawauza kuti akabweranso ndi unyolowo pa mpikisano wa Lamlungu, iwo alongedza masutikesi.

N'chifukwa chake Lachisanu masana a Korbinian anakalowa m'kachipinda ka kuseri kwa kalabu, kwa alamu awo a Quirin, amene amasamala mfuti zathu. Munthu ameneyu anayeza masikelo a m'masitolo zaka makumi anayi, moti ngakhale nthabwala amayamba waiyeza asanaseke. Mantha a Korbinian anali nawo ndithu, koma manyazi ankaposa, choncho za masutikesi anatsimikiza kuti sazitchula.

"Alamu, ndabwera ndi mfuti."

"Ndaiona."

"Muikonze."

"Yatani?"

"Ikulasa."

A Quirin anavula magalasi, kuwapukuta, n'kuvalanso. "Ndiye mumafuna izitani?"

"Ikhale yachiwiri. Lamlungu ndikufuna masoseji."

"Kubutchala amatseka faifi. Mukathamanga muwapeza."

"Sindikunena ogula ine! Ndikunena a m'khosi."

A Quirin anatulutsa kamfuti kampweyako m'bokosi, n'kuloza ndi chikhadabo timabawuti tiwiri ta pa kachitsulo koyang'anira.

"Aka kamakweza ndi kutsitsa. Aka n'kakumanja ndi kumanzere. Ka wachiwiri sanaikepo kufakitale."

"Ingopotokolani kalikonse pang'ono."

"Pang'ono ndi kangati? Kakalira kamodzi kuti ke, chipolopolo chasuntha mamilimita awiri."

"Chabwino, kalire kawiri."

"Woyamba adzalasa pati?"

"Aa, ndidziwa bwanji ine?"

"Nanga ndikuikani kumbuyo kwake bwanji osadziwa pomwe ali? Kamufunseni kaye."

"Ndikafunse ndani?"

"Woyambayo."

"Woyamba ndi ine, alamu!"

"Ndiye dzifunseni. Ine ndidikira."

A Korbinian anakhala pampando, n'kudzukanso. A Quirin anali atayamba kale kukankha kansalu mumpope wa mfutiyo. Kanatuluka kali bii.

"Mukutani?"

"Ndikutsuka."

"Ndani wakuuzani kuti mutsuke?"

"Mwati ndikonze."

"Bwezeranimoni litsirolo!"

A Quirin anakayang'ana kansaluko kwakanthawi, ngati akuganizadi za njira yake. "Silibwerera. Koma alamu, ngati mukufuna kuphonya, bwanji osangophonya? Chipolopolo cha ufumu ndi chimodzi. Lozani pambali, basi yatha."

"Ine? Kuphonya dala? Pamaso pa anthu?"

"Tsinzinani."

"Dzanja ili silidziwa kuphonya. Chaka chatha ndinayetsemula powombera, ndipo ndinakhala mfumu."

"Khalani kunyumba."

"Mfumu ikhale kunyumba? Unyolo ukadziperekeza wokha?"

"Kapena mukhale wachitatu. Kumeneko malo ndi otakasuka."

"Tibuledi touma tija? Mukundiona ngati ndani? Iphonye ndi mfuti, osati ine. Ndipo iphonye mwaulemu."

"Mwaulemu," anatero a Quirin, n'kulemba mawuwo pakapepala. Kenako anasolola kalabala kozungulira kotsekera mpweya, n'kukaonetsa pawindo. "Aka katha. Kamataya mpweya."

Mtima wa a Korbinian unadumpha ndi chimwemwe. "Eya! Kasiyeni komweko!"

"Ndaika kale katsopano."

"Koma abale inu!"

"Sindingakupatseni mfuti yotaya mpweya. Ingakuphonyetseni."

"Ndi zomwe ndabwerera!"

"Ayi. Inu mwabwerera kuphonya kwa mamilimita. Yotaya mpweya imaphonya mmene yafunira. Tsiku lina ikhoza kuphonya n'kukalasa pakati."

Kwa a Korbinian zimenezi zinamveka ngati zoona. Anangoyang'ana alamu awo akudonthezera kadontho kamodzi ka mafuta, kamodzi kokha, kenako n'kukoleka kamwala ka theka la kilo pa kachitsulo kokoka ndi chala, monga lamulo la mpikisano limanenera. Kachitsuloko kananyamula kamwalako osagonja. A Quirin anagwedeza mutu mokhutira.

"Chiumitseni chimenecho," anatero a Korbinian. "Chikhale cholimba ngati chitseko cha tchalitchi."

"Lamulo limati chisachepere theka la kilo."

"Silinena kuti chisapose!"

"Silinenanso kuti chipose."

A Quirin anaipana mfutiyo pachopanira, n'kuwombera kasanu pa kapepala ka pamamita khumi. Atakakoka kapepalako, panali kabowo kamodzi. Nkhope ya a Korbinian inawala.

"Kamodzi kokha! Zinayi zapita kuti?"

"Zadutsa momwemo."

"Mayo ine."

"Sinalasepo chonchi chiigulireni. Musathokoze, ndi ntchito yanga."

"Alamu, ndakupemphani chinthu chimodzi. Chimodzi! Potokolani kabawuti."

"Ndipotokola. Mfuti ndi yanu." A Quirin anatsegula dirowa n'kutulutsa kakhadi kofiira ka ulusi, mtundu umene ankamangirira pa masikelo onama. Ananyowetsa pensulo palilime.

"Chimenecho n'chiyani?"

"Chizindikiro. Ndilemba kuti: Yokhota, mwini wake wapempha yekha."

"Muchimangirire pati?"

"Pampope. Kuti anthu asavutike kuwerenga."

"Mukufuna mudzi wonse udziwe?"

"Chipangizo chikakhala chonama, anthu amayenera kudziwa."

"Ndiye potokolani osalemba!"

"Sindingathe."

"Lembani n'kuika m'thumba mwanu."

"Thumba langa si lokhota."

"Potokolani ine ndikuyang'ana kumbali. Sindinaone, simunachite."

"Ine ndikhala ndaona."

"Nanunso yang'anani kumbali!"

"Ndiye kalira kangati? Ayi, alamu. Zaka makumi anayi sindinakhotetsepo muvi wa sikelo, ngakhale wa wansembe. Sindiyambira pa inu chifukwa cha masoseji."

A Korbinian anakhala pansi, ulendo uno osadzukanso. Mphamvu zonse zinawathera. Anaona m'maganizo mwawo khitchini yopanda munthu, ndi unyolo uli lende pamsomali. Zaka makumi atatu ndi zisanu ndi chimodzi za banja si zoseweretsa.

"Basi, ndipatseni," anatero motsitsa mawu. "Ndikhala mfumu. Koma Lolemba m'mawa mubwere ndi galimoto."

"Ya chiyani?"

"Masutikesi a Walburga. Akuti ndikabwera ndi unyolo, iye wapita."

"Pepani." A Quirin anaika mfutiyo m'bokosi mosamala. "Masutikesi angati? Ndifunse za malo m'galimoto."

"Anayi. Ndi makina osokera."

"Akwana. Ndikamusiye kuti?"

"Akuti kwa mlongo wake."

Dzanja la a Quirin linaima pachivindikiro.

"Mlongo wake uti?"

"Ali ndi angati?"

"Mmodzi."

"Eya."

A Quirin amakhala okha chimwalirireni mayi awo, ndipo patebulo lawo lodyera pamakhala tizitsulo tondandalikidwa mwa kukula kwake, toti ngakhale ntchentche siiloledwa kuterapo.

"Nyumba yanga ili ndi chipinda chimodzi chogona."

"Akudziwa. Akuti inu muzigona pasofa."

"Nanga patebulo?"

"Akuti ayalapo nsalu ya maluwa. Tizitsulo ataya m'chitini chimodzi."

"Chimodzi?"

"Akutinso muyamba kudya masamba. Ndi makatani achapa. Ndipo Lachitatu lililonse azimayi a kwaya aziphunzirira kwanu."

"Alipo angati?"

"Khumi ndi anayi."

"Adzakhala masiku angati?"

"Mfumu imalamulira chaka, alamu."

A Quirin anatsegulanso bokosi. Kakhadi kofiira kaja anakabweza m'dirowa, n'kutseka ndi bondo. Anatenga sikuludiraiva, osati kakang'ono kamene amagwiritsa masiku onse, koma ina ya chigwiriro chamtengo, n'kuyamba kupotokola. Ke, ke, ke, ke.

"Eya, pomwepo pakwana," anatero a Korbinian.

Ke, ke, ke, ke, ke.

"Alamu! Mwadutsa! Akhala angati tsopano?"

"Sindikuwerenga."

"Inuyo osawerenga? Nanga zaka makumi anayi zija?"

"Ndinapuma pantchito." Anagwira kabawuti kena kaja. Ke, ke, ke.

"Iii, mukandilasitsa khoma! Ndati wachiwiri ine! Wachiwiri, mwaulemu!"

A Quirin sanadzutse n'komwe mutu.

"Wachiwiri wayandikana kwambiri ndi woyamba, alamu. Inu mukhala womaliza."