Madzi Odzitunga Okha

"Ndawerenga masamba onse khumi ndi awiri. Ine mulibemo."

"Inenso mulibemo, adada. Sayansi imalembedwa choncho."

Shamim, wophunzira digiri yachiwiri, anali atamaliza lipoti la madzi a m'zitsime za ku Zolozolo. A Mhango, omwe anali atagwira ntchito mu labu ya pa koleji yake zaka khumi ndi zinayi ndipo ophunzira ankawatchula mwaulemu kuti adada, ankafuna dzina lawo lionekemo kuti akaonetse Lachisanu pa intaviyu yokwezedwa pantchito.

"Apa mwalemba kuti madzi atatungidwa anathiridwa m'mabotolo," anatero a Mhango, chala chili papepala. "Atatungidwa ndi ndani?"

"Zilibe ntchito."

"Analowa okha m'botolo? N'kudzitsekera?"

"Pa Chingerezi cha akatswiri munthu saoneka. Timangonena zomwe zinachitika."

"Ndiye Lachisanu akweze botolo?"

"Aaa, adada!"

"Kabaza ndinakwera ine. Matope ndinaponda ine. Galu wa pa chitsime choyamba anathamangitsa ine. Lembani: galu atathamangitsa a Mhango..."

"Galu salowa mu sayansi."

"Nanga makoswe a mu labu amalowa bwanji?"

Shamim anagwira mutu. "Ndi mwambo. Dziko lonse amalemba choncho."

"Dziko lonse lili ndi intaviyu Lachisanu?"

"Chabwino!" Shamim anakoka laputopu, n'kugogoda mabatani ngati akuwalanga. "Madzi onse anatungidwa ndi W. Mhango. Mwasangalala?"

"Yewo chomene. Zilembo zikuluzikulu, mama. W ameneyo ndi Wanangwa, mulembe lonse."

"Ndalemba. Zandithandizanso ine. A pulofesa akhala akufunsa kuyambira Lolemba."

A Mhango anakonza kolala. "Kufunsa za ine?"

"Za wotunga. Akuti zitsime makumi awiri, koma madzi ake ofanana ndendende, onse ali ndi mankhwala a klorini ngati a pampopi. Akufuna aonane naye."

A Mhango anavula magalasi. Anawapukuta ndi tayi kwa nthawi yaitali.

"Galu uja anali wamkulu chomene, mama."

"Ee?"

"Ndipo mpopi wa kwathu ku Chibanja sunaumepo chaka chino." Anatsokomola. "Fufutani dzinalo. Sayansi sitchula munthu. Dziko lonse amalemba choncho."

"Ndatumiza kale kwa a pulofesa."

Firiji ya mabotolo inkangolira pakona. Shamim anatseka laputopu pang'onopang'ono. Lipoti limenelo linali miyezi isanu ya moyo wake.

"Adada, pa zitsime makumi awiri zija, munafika pa zingati?"