Botolo la Poizoni Lomwe Linatsekeredwa ndi Madzi ku Makhanga

Ine, Evelesi Alufazema, wa zaka 33, wa m'mudzi mwa Kadamera, mfumu yaikulu Mbenje, boma la Nsanje, ndimagwira ntchito yoyeza madzi mu labotale ya fakitale yofufuta zikopa ya Chigwa pa Bangula. Ndili pabanja ndipo ndili ndi ana atatu. Ndikupereka umboniwu lero Lachiwiri, pa 14 Malichi 1989.

Madzi otsukira zikopa amayamba akhala m'madamu atatu kuseri kwa fakitale, kenako amatsika ndi ngalande kukathira mu Shire. Ntchito yanga ndi kuyeza ngati madziwo ali oyenera kutayidwa mumtsinje. Mu labotale timagwiramo anthu awiri, ine ndi a Sebastiano Joaki, bambo a zaka pafupifupi 50, omwe amayenda pa njinga kukatunga madzi oti ndiyeze. Agwira ntchitoyi zaka khumi ndi chimodzi. Lolemba lililonse amatunga malo atatu: potulukira damu lomaliza, pamene ngalande imathira mu Shire, ndi tsidya la Makhanga pamene anthu amatunga madzi akumwa. Malo alionse amadzaza mabotolo awiri, kuti zomwe ndapeza m'botolo limodzi zitsimikizidwe ndi linzake.

Akangodzaza botolo amathiramo mankhwala pomwepo, kuti mpweya wa m'madzimo usasinthe asanafike ku labotale. Ena mwa mankhwalawo ndi poizoni. Amakhala m'botolo lofiirira lojambulidwa chigaza, lomwe timasunga m'kabati yachitsulo. Kiyi ndimasunga ine. Lamulo la kampani limati botololi likamatuluka ndiliyeze pa sikelo, ndilembe kulemera kwake m'buku la poizoni, tonse awiri tisaine, ndipo bukulo lisachoke mu labotale. Botolo likabwera ndimaliyezanso. Botolo limodzi la madzi limadya magalamu atatu a mankhwalawo.

Lolemba pa 6 Malichi ndinafika ku ntchito 6:30 m'mawa. Kunkagwa mvula yowaza. A Sebastiano anali atafika kale. Ndinatulutsa botolo la poizoni n'kuliyeza. Linalemera magalamu 386. Buku la poizoni linali litadzaza sabata yam'mbuyo mwake, ndipo latsopano, lomwe ndinaitanitsa ku likulu la kampani ku Blantyre mu Januwale, linali lisanafike. Ndinalemba pa pepala wamba tsiku, nthawi ndi kulemera kwa botolo. Tonse tinasaina. Pepalalo ndinaliika m'bokosi lamatabwa lomwe a Sebastiano amanyamuliramo mabotolo khumi ndi awiri. Sindinalembe lina loti litsale kwa ine. Ananyamuka 7 koloko.

Nthawi zonse amabwerako 1 koloko masana. Tsikuli sanabwere. Cha m'ma 2 koloko mlonda wa pageti anandiuza kuti madzi asefukira ndipo adula msewu ndi njanji pakati pa Bangula ndi mlatho wopita ku Makhanga. Itakwana 4 koloko ndinatseka labotale n'kuyenda mtunda wa makilomita awiri kufika pamene msewu unathera. Ndinapezako mai Clotilda, akazi a Sebastiano. Tinaimirira limodzi mpaka 6 koloko. Palibe bwato lomwe linawoloka, chifukwa madzi ankathamanga ndi mitengo yathunthu.

Lachiwiri pa 7 Malichi, nthawi ya 10 koloko m'mawa, kunafika a Kalioti Phambala ochokera ku likulu. Iwo amabwera miyezi itatu iliyonse kudzaona ngati labotale ikutsata malamulo. Anabweretsa buku latsopano lija. Anayamba ndi kuyesa sikelo yathu ndi miyala yawo yoyesera, ndipo inali bwino. Anandipatsa mabotolo awiri a madzi omwe iwo ankadziwa kale zomwe zili m'katimo kuti ndiyeze ndili pamaso pawo. Zomwe ndinapeza zinagwirizana ndi zawo. Itakwana 2 koloko anati nditsegule kabati. Anawerenga mabotolo a poizoni n'kupeza asanu ndi atatu m'malo mwa asanu ndi anayi.

Ndinawauza kuti lachisanu ndi chinayi lili ndi a Sebastiano omwe atsekeredwa ndi madzi. Anandifunsa pamene ndinalemba. Ndinati pa pepala, ndipo pepalalo lili m'bokosi lomwe atenga. Kenako anati: "Mai Alufazema, ine sindikuti mukunama. Koma mu labotale chosalembedwa n'chimodzimodzi chosachitika. Poizoni akasowa ndiyenera kunena ku polisi lisanathe tsiku." Anandilanda kiyi. Tinabwera limodzi kuno ku polisi 4 koloko, ndipo ndinafotokozera a sajeni omwe anali pa ntchito zomwe ndanenazi.

Lachitatu pa 8 Malichi ndinaitanidwanso kuno ku polisi 8 koloko m'mawa. M'chipindamo munali a sajeni, a Phambala ndi a tcheyamani a chipani a dera lathu. A tcheyamani ananena kuti Loweruka kudzakhala msonkhano waukulu pa Bangula wokhala ndi alendo ochokera kutali, ndipo amayi adzaphika chakudya cha anthu mazanamazana. Ananenanso kuti makolo a Sebastiano anachokera ku Mozambique, ndiponso kuti msodzi wina anawaona Lolemba madzulo ali m'bwato lolunjika ku mtsinje wa Ruo, kumalire ndi Mozambique, atafungatira bokosi. Anandifunsa kuti: "Mayi, mukudziwa kuti botolo limenelo lingaphe anthu angati?" Ndinayankha kuti litathiridwa m'chakudya likhoza kupha ambiri, koma a Sebastiano akhala akulinyamula Lolemba lililonse ndipo silinaperewerepo ngakhale galamu imodzi. Anati zimenezo ndi zonena zanga chabe.

Masana a tsiku lomwelo mai Clotilda anatengedwa kunyumba kwawo n'kusungidwa kuno mpaka amuna awo atapezeka. Ine ndinauzidwa kuti ndizionekera kuno 7 koloko m'mawa ndi 5 koloko madzulo, ndipo ndisatuluke m'Bangula. Ana anga ndinakawasiya kwa mkulu wanga Luisa. Kuyambira tsikulo ndinkabwera kuno nditanyamula bulangete ndi chitenje chosinthira. Madzulowo ndinaloledwa kupereka chakudya kwa mai Clotilda. Sanadye. Anangondifunsa kuti: "Madzi atsika?" Ndinati sanatsike.

Lachinayi pa 9 Malichi, cha m'ma 11 koloko, asodzi anabweretsa kuno njinga yomwe anaipeza itakodwa m'bango makilomita atatu kumunsi kwa mlatho. Anandionetsa. Ndinaizindikira ndi nambala 4 ya kampani yolembedwa ndi penti yofiira. Inali ya a Sebastiano. Bokosi panalibe. Podutsa kunyumba kwa a Sebastiano masana ndinaona anthu oyandikana nawo atakhala pakhonde, ena atayamba kutulutsa mipando panja ngati pamaliro. Ndinapempha a sajeni kuti mai Clotilda asauzidwe za njingayo tsiku limenelo, ndipo anavomera.

Lachisanu pa 10 Malichi ndinafika kuno 7 koloko monga ndinalamulidwira. Ndinauzidwa kuti ndidikire pa benchi panja. Nthawi ili 9:20 kunabwera mayi wina wogulitsa nsomba akuthamanga, n'kunena kuti mabwato a ku Makhanga ayamba kufika padoko la kuseri kwa msika. A sajeni anatenga wapolisi mmodzi n'kundiuza kuti nditsagane nawo. Ndi mtunda wa pafupifupi mamita 600. Bulangete langa ndinalisiya pa benchi.

Tinapeza mabwato awiri atafika. Lachitatu linali pamadzi, pafupifupi mamita 50 kuchoka kumtunda, muli anthu asanu ndi awiri. Wapakati anali a Sebastiano. Anali opanda malaya. Malayawo anamangira bokosi n'kulikoleka m'khosi. Ndinakhala pamchenga mpaka bwato linafika.

Potsika ndinaona kuti analibe nsapato ndipo mapazi anali otupa. Wapolisi anatambasula manja kuti alandire bokosi, koma a Sebastiano anakana. Anati: "Pepani achimwene, bokosi ili ndimapereka kwa mai Alufazema basi, ndipo amayamba asaina." A sajeni anawauza kuti akufunidwa pa nkhani ya poizoni ndipo akazi awo ali ku polisi. A Sebastiano anandiyang'ana n'kufunsa kuti: "Clotilda walakwanji?" A sajeni analamula kuti tonse tipite ku labotale bokosi lisanatsegulidwe, ndipo anatuma wapolisi kukaitana a Phambala ndi a tcheyamani.

Tinatsegula bokosi 10:15 pamaso pa anthu onsewa. Botolo lofiirira linalimo, lotsekedwa bwino. Pepala lija a Sebastiano analipinda n'kulilowetsa m'botolo limodzi lopanda madzi, n'kutseka ndi chivindikiro. Linali louma. A Phambala analiwerenga mokweza: tsiku, 7 koloko, magalamu 386, ndi mayina athu awiri. Analipereka kwa a sajeni.

Kenako a Phambala anayesanso sikelo ndi miyala yawo, n'kundiuza kuti ndiikepo botolo la poizoni. Malo atatu, mabotolo awiriawiri, ndiye kuti mabotolo asanu ndi limodzi. Panayenera kuchoka magalamu 18, kutsala 368. Sikelo inaonetsa 356. Ndinalichotsa n'kuliikaponso. Inaonetsanso 356. A tcheyamani anafunsa kumene magalamu 12 apita. A Phambala anandiuza kuti ndichoke pa sikelo.

A Sebastiano anati tiwerenge mabotolo a madzi. Ndinawatulutsa limodzilimodzi. Odzaza anali khumi, osati asanu ndi limodzi. Anayi owonjezerawo anali ndi timapepala tolembedwa ndi pensulo, awiri Lachiwiri, awiri Lachitatu, onse pa siteshoni ya sitima ya Makhanga. Anati: "Lamulo limati madzi akasintha mtundu kapena fungo, tengani ena. Anasintha kawiri. Anthu amamwa omwewo. Ndinkafuna mudziwe ngati madamu athu asefukiramo." A Phambala anawerengera papepala kuti mabotolo khumi amadya magalamu 30, ndipo 386 kuchotsapo 30 ndi 356. Anauza a sajeni kuti palibe dontho lomwe lasowa. Analemba zimenezo m'buku latsopano n'kusaina. A sajeni anasaina, a tcheyamani nawonso anasaina n'kutuluka.

A sajeni anafunsa za bwato lolunjika ku Ruo. A Sebastiano anafotokoza, ine ndikumva, kuti madzi anawapeza Lolemba cha m'ma 12 koloko atangomaliza kutunga tsidya lija. Njinga inakokoloka akulimbana ndi kukweza bokosi pamutu. Anakwera mumtengo, ndipo madzulo eni bwato lina anawatsitsamo n'kuwatengera ku siteshoni ya Makhanga, komwe kuli pokwera. Njira yokhayo yomwe bwato likanadutsa inali yozungulira mbali ya Ruo. Pa siteshoniyo anakhala ndi anthu oposa 200 mpaka Lachisanu m'mawa. Mwini bwato lomwe linawabweretsa, a Maliko Thole, anatsimikizira a sajeni zimenezi masana omwewo.

A sajeni atatuluka, a Phambala anauza a Sebastiano kuti madzi a m'mabotolo onse khumi aja sangayezedwe, chifukwa lamulo limati ayezedwe asanathe maola asanu ndi atatu. A Sebastiano anati: "Ndawasenza masiku anayi, bwana." A Phambala anati: "Ndaona, bambo. Mutaya nokha kapena nditaye ine?" A Sebastiano anaseka, n'kukhuthulira okha madziwo mu mgolo wotayiramo mankhwala. Za madamu ndinawauza kuti ndinawayendera Lachiwiri m'mawa ndipo sanasefukire. A Phambala anapita ku galimoto yawo n'kubwera ndi nsapato zawo za patapata, n'kuwapatsa. Ine anandibwezera kiyi, pamodzi ndi kalata yondichenjeza chifukwa chotulutsa poizoni popanda chotsala cholembedwa mu labotale. Ndinaiwerenga n'kusaina.

Mai Clotilda anatulutsidwa 12:40. Ndinalipo. Atawaona amuna awo sanalire kapena kufuula. Anakhala pansi pakhonde la polisi, n'kuwagwira phazi lotupalo ndi manja onse awiri, n'kufunsa kuti: "Mumadya chiyani kumeneko?" A Sebastiano anati: "Nyika za m'dambo, zosaphika." Nyika ndi mizu ya maluwa a m'madzi. Mai Clotilda anati: "Tiyeni kwathu." Ananyamuka wapansi pang'onopang'ono. Anthu omwe anasonkhana kunyumba kwawo anakumana nawo panjira, ndipo ndinamva nthungululu ndili pa msika. Ine ndinakatenga ana kwa Luisa 2 koloko.

Msonkhano wa Loweruka unachitika, anthu anadya, ndipo sindinamve kuti wina anadwala.

Dzulo Lolemba pa 13 Malichi ndinafika ku ntchito 6:30. A Sebastiano anali atakhala pakhomo la labotale ndi njinga yobwereka, mapazi atakulunga nsalu. Ndinawauza kuti a kuchipatala anati apume sabata yathunthu. Anati apuma akabwerako. Ndinayeza botolo, ndinalemba m'buku, tinasaina, buku ndinalitsekera m'kabati. Anatunga malo awiri a tsidya lino okha, ndipo anabwerako 10 koloko.

Ndikupempha kuti zilembedwe momveka kuti a Sebastiano Joaki sanathawe, sanawoloke malire, ndipo sanataye poizoni. Pepala ndinaika m'bokosi ndine. Ngati pali woti afunsidwe china pa nkhaniyi, afunsidwe ine, osati iwo kapena mai Clotilda.

Umboniwu andiwerengera ndipo ndavomereza kuti alemba monga ndinanenera. Zomwe ndikudziwa ndi zomwezi, palibe china.

Wopereka umboni: Evelesi Alufazema ______________________

Wolemba umboni: ______________________

Tsiku: 14 Malichi 1989