Labotale ya Kuseri kwa Sitolo

Mboni zanga zinali ziwiri: atelala a pakhonde la sitolo ya amwenye pafupi ndi msika wa Lilongwe, ndi nsidze zanga, zomwe sizinamerenso mpaka lero.

Nthawi ya Chitaganya ndinafuna kukaphunzira kemisitiri ku yunivesite ya ku Halale. Kalata yawo inati salandira munthu wopanda kope la zimene anayesapo ndi manja ake mu labotale, losainidwa ndi amene ankamuyang'anira. Koma kusukulu kwathu labotale inali bolodi. Aphunzitsi ankajambula botolo, ife n'kumanunkhiza choko.

Ndiye ndinatsegula yangayanga kuseri kwa sitoloyo. Ndinasakaniza soda, madzi a batire ndi palafini m'chitini, n'kuyatsa machesi. Chinaphulika. Ndikulumbira, nkhuku za pamsika zinaikira mazira owiritsa kale sabata yonse.

"Achimwene, mwafa kodi?" anafuula atelala.

"Ayi bambo, ndalemba zonse. Sainani apa."

Sankatha kulemba, choncho anadinda chala chamwaye.

Yankho linabwera patatha miyezi itatu, mzere umodzi basi: chala cha telala si umboni. Malo anapatsa wina amene kusukulu kwawo mabotolo anali enieni. Ndinakhala pakhonde tsiku lonse, atelala nawo anaimitsa makina.

Kuyambira pamenepo ndimasakaniza penti m'sitolo yomweyo. Omvera anzanga, muzifunsa msanga zimene sukulu zapamwamba zimafuna, musanamere mapiko mumtima.

Jekete imene atelala anandisokera kuti ndikatsikire sitima ku Halale ndinaivala kamodzi kokha, pamaliro awo. Mboni yatsala ndi nkhope yangayi.