Khansa Imene Tinkabisirana ndi Bambo Anga

Abale ndi alongo mwa Ambuye, dzina langa ndine Gedioni, ngakhale ambiri a inu munkandidziwa ngati Adokotala. Udindo umenewu ndinaupeza mosavuta. Ndinapita ku koleji ya unamwino, ndinakhalako pang'ono, kenaka kolejiyo ndi ine tinaona kuti ndi bwino tisiyane mwamtendere. Iwo anatsala ndi mabuku awo. Ine ndinabwerako ndi yunifomu yoyera ndi ludzu.

Ludzulo ndinkalisamala mokhulupirika. Ku Lisasadzi kuno kunalibe nyumba yotcheza kachasu imene agalu ake ankandiuwa. Ndikakhala pa benchi, anthu ankabwera ndi madandaulo a msana, a mano, ena a banja. Ndinkawagwira pamkono, n'kuyang'ana kumwamba, n'kutchula mawu aatali a Chingerezi. Palibe amene anachira. Palibenso amene anadandaula. Mapemphero ndinkakumana nawo pamaliro pokha.

Bambo anga anali mlimi wa fodya moyo wawo wonse. Za sukulu sanandikalipirepo. Ankangoti, "Adokotala, mukadzuka mukathirireko nazale." Ulemu umenewu unkawawa kuposa mbama.

Chaka china anayamba kutsalira pakudya. Nyama anaisiya, amvekere nyama za masiku ano n'zolimba. Kenaka anasiya mbatata. Posakhalitsa chilichonse chinkaima pakhosi. Anafika pa phala, phalalo n'kumalisungunulanso ndi madzi.

Ndinawaperekeza kuchipatala cha ku boma, kumeneko anatitumiza ku Lilongwe. Atawayeza, dokotala weniweni anandiitanira pakhonde. Anati ndi khansa ya kummero, ndipo yafalikira kale. Opaleshoni pa msinkhu wawo sangaipirire. Anandipatsa mankhwala amadzi ochepetsa ululu, nati tibwerere kunyumba. Zochepa zimene ndinatsala nazo m'mutu za ku koleji zinakwanira kundiuza tanthauzo la kubwerera kumeneko.

Kwathu kuno mukudziwa inu, munthu wamkulu sauzidwa matenda otere. Amati akamva, mtima umaduka, ndipo wamuuzayo ndiye wamupha. Azakhali anga, alongo awo a bambo, anasonkhanitsa abale kuseri kwa chigafa chopachikamo fodya. Anagamula kuti bambo ali ndi zilonda zapakhosi basi. Ntchito yowafotokozera inagwera ine, poti ndine wa sukulu.

Ndinaigwira bwino. M'mawa uliwonse ndinkalowa, kuwatsegula pakamwa, kusuzumira.

"Zilonda zikuuma, bambo."

"Zikomo, Adokotala."

Ndikatuluka ndinkalunjika ku kachasu. Sindinkatha kupirira kuwaona akulimbana ndi supuni imodzi ya phala. Kumeza, kutsamwa, kubweza. Ndi malovu omwe ankalavulira m'kachitini. Njala anali nayo, chakudya chinalipo, njira yokha ndiyo inatsekeka. Munthu amene ankakweza yekha belo la fodya pangolo, ndinkamunyamula ngati mtolo wa mapesi. Ndinkati ndikaledzera ndiiwala. Ndinkaledzeradi, koma kuiwala ayi.

M'mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, achipatala anatumiza uthenga. Anati kukubwera anamwino a ku yunivesite amene akuchita kafukufuku wa momwe okalamba odwala khansa amasamalidwira m'midzi, ndiye amafunsa ngati tingawalole. Uthengawo pofika kumapeto kwa mudzi unali utasanduka wakuti akubwera ndi mankhwala atsopano. Azakhali anapha nkhuku. Bambo anavala jekete lawo lopitira ku okushoni ya fodya, limene panthawiyo mukanalowa anthu awiri.

Galimoto itafika, munatsika mayi wina wachikulire, wodekha. Ananena poyera kuti sanabwere ndi mankhwala, wabwera ndi mafunso okha, ndipo amene sakufuna kuyankha sakakamizidwa. Azakhali anayang'ana cha kukhitchini, kumene nkhuku inali itafa kale. Kenaka anamukokera mayiyo pambali.

"Matendawo musawatchule, chonde. Eniake sakudziwa."

"Sinditchula chimene iwo sanatchule, mayi," anayankha motero.

Anafunsa bambo kuti akufuna atsale ndani m'nyumbamo. Bambo anati nditsale ine, wowagwirira chitini. Enawo anatuluka.

Mafunso anali wamba. Mumagona bwanji. Amakusambitsani ndani. Ululu umakula nthawi yanji. Bambo ankayankha pang'onopang'ono, akupumira. Kenaka mayi uja anati, "Bambo, inuyo mumaona kuti mukudwala chiyani?"

Ndinayamba kutsokomola mwamphamvu, kumupatsa chizindikiro. Palibe amene anandiyang'ana.

"Ndi khansa, mayi," anatero bambo. "Anzanga a ku kalabu ya fodya ena anapita nayo chonchi. Ndinkawazonda, ndinawaona akulavulira m'chitini. Mvula ikubwerayi sindiokera fodya. Koma alongo anga ali panjawo musawauze. Mtima wawo ngwaung'ono."

"Nanga mwana wanuyu?"

"Uyu amadziwa. Amandinamiza m'mawa uliwonse, ine n'kumavomera kuti asachotsedwe ntchito."

Mayi uja sanaseke. Anafunsa chimene bambo akuchisowa kwambiri pa matendawo. Ndinkayembekezera kuti atchula mankhwala, kapena matiresi.

"Munthu wokamba naye," anatero. "Ndikufa ine. Ndili ndi zonena. Ndikati ndiyambe, aliyense amandiuza za zilonda. Uyu ndiye akangomaliza kundiyeza amathawa. Akanamakhala pano."

Ine wa nthabwala, amene sindinasowepo choyankha pamowa, ndinangoyang'ana m'chitini chimene ndinagwira. Miyezi yonseyo tinkati tikuwateteza. Chikhalirecho tinawatsekera okha m'nyumba ndi imfa yawo.

Galimoto itapita, ndinatsala nditakhala pamkeka. Bambo anavula jekete movutikira, n'kugona chammbali.

"Gedioni," anatero. Ndinali nditaiwala kuti dzina langa limamveka bwanji pakamwa pawo. "Pemphera."

Ndinatsinzina. M'mutu munalibe kanthu. Pemphero lokhalo limene linabwera ndi limene tinkanena ku sukulu yogonera komweko tisanadye. Ndiye ndinayamba ndi mawu olemera bwino, ngati abusa.

"Atate wathu, dalitsani chakudya ichi chimene tikuti tilandire."

Kupempherera chakudya, pamutu pa munthu wosameza ndi malovu omwe. Bambo anaseka mpaka kutsamwa. Nditawapukuta pakamwa anati, "Ameni. Pitiriza."

Ndipo panalibe chopitiriza nacho. Ndinangoti, "Ambuye, ine sinditha kanthu. Sindingawachize. Sindingasiye mowa. Ngakhale kupemphera mwaona nokha." Ndinalira ngati mwana, mutu uli paphewa pawo, paphewa la mafupa okhaokha. Iwo anandigwira kumsana. Pamenepo m'pamene Yesu anandipeza, masana, pamkeka, chitini chili pambali.

Sindinaime pano kuti ndikuuzeni kuti bambo anachira. Sanachire. Tinapemphera, akulu ampingo anabwera, amayi amvano anaimba, khosi linapitirira kutsekeka. Ululu ukakula ndinkawadonthezera mankhwala aja pakona pa mlomo, mwina ankathandiza, mwina ayi. Ludzu likawavuta ndinkanyowetsa kansalu n'kuwapaka pamilomo. Ndinkawatembenuza kuti asachite zilonda zakumsana. Zinali zokhazo. Ndinkawaona akutha m'manja mwanga, popanda chimene ndikanachita.

Koma ndinakhala. Ludzu la kachasu linkandigwira, miyendo inkafuna kunditengera komwe inazolowera. Ndikaimirira, bambo ankangotsegula diso limodzi, ine n'kukhalanso pansi. Mphamvu imeneyo sinali yanga, abale. Ine ndimadzidziwa.

Ndipo bambo anakamba. Anandiuza munthu woti ndimupatse mbande za ku nazale kuti zisafe pachabe. Anandiuza nyimbo zoti zikaimbidwe. Anandiuza kuti akuopa, osati kumene akupita, koma kutsamwa kotsirizako. Ndinangowagwira dzanja. Patapita masiku anaitanitsa okha azakhali n'kuwauza. Azakhali anati, "Achimwene, ndiye mumatipusitsa tonsefe?" Analira, kenaka anakhala pansi nawonso.

Bambo anatisiya mvula yoyamba isanagwe. Ndinali pomwepo, ndili bwinobwino, ndikumva chilichonse.

Mayankho awo aja sindidziwa kuti anakathera kuti ku yunivesiteko. Mwina adzathandiza okalamba ena, ndimapemphera choncho. Khansa ikanali m'midzi mwathumu, ndipo ambiri amafika kuchipatala mochedwa ngati bambo. Pa zimenezo ndilibe nzeru. Chimene ndikudziwa n'chakuti Mulungu anatuma munthu wachilendo ndi funso limodzi limene ife a m'nyumba tinkaliopa. Alemekezeke Iye amene sananditaye pa benchi paja. Alemekezeke chifukwa bambo anga sanafe okha.

Tsopano ndimayenda ndi gulu la mpingo uno lozonda odwala. Timasambitsa okalamba, timawatembenuza, timachapa zofunda. Ambiri a iwo sadzadzukanso, ndipo amadziwa.

Ngati muli ndi wokalamba wodwala kunyumba, mukafika lero musayambe ndi kumuuza kuti akuoneka bwino. Mufunseni chimene iye akuona, ndipo akayamba kuyankha musathawe. Ngati mukuona kuti simungathe, bwerani kwa Yesu ndi kulephera kwanuko, salandira ochita bwino okha. Loweruka m'mawa timanyamukira pakhomo la tchalitchi pano. Tengani sopo ngati muli naye. Mawu ngati mulibe, bwerani choncho, mudzangokhala pansi.

Ameni.