Ekizozi Yoitanira Otilia

Pa siteji ya Dyeratu, wakabaza wina ankalimbana ndi njinga yake yamoto, imene inkangotsokomola. Bambo wina wodikira minibasi ya ku Nsanje anamusendezera malo pamthunzi.

"Yadwala chiyani, achimwene?"

"Ndinaika ekizozi yaphokoso ndi fyuluta yaikulu ya mpweya. Kuyambira pamenepo imangophulika n'kuzima."

"Kabuleta munachunitsa?"

"Imeneyo sindinaikhudze, ili bwinobwino."

"Vuto ndi limenelo. Mwaikulitsa mphuno, mpweya ukulowa wambiri, koma petulo akadali wakale uja. Ikufa ndi njala. Kachunitseni injini isanapse. Nanga phokosolo n'lachiyani?"

"Ku Nchalo kuli mtsikana, Otilia. Ndimafuna azindimva ndikadali patali."

"Amakumvani?"

"Amayamba kundimva ndi bambo ake. Njingayinso imakazimira pakhomo pawo penipeni. Ine ndi manyazi, ndimangoti ndikudutsa."

"Sakukalipirani?"

"Ayi, ndi munthu wabwino zedi, mkulu wa mpingo. Amatuluka okha, n'kundikankha mpaka ilire."

"Amakukankhirani chakuti?"

"Chakumsewu, komwe ndachokera."

"Ndiye Otiliayo munamuona liti komaliza?"

"Ndisanaike ekizozi."