Kwa a Verdin Kumapitidwa pa Boti

Pamzere wogula shirimpi, tinkhanu ta m'nyanja yamchere, padoko la ku Dulac, mayi wina wonyamula bokosi la ayisi anayamba kucheza ndi msodzi wachikulire amene ankasoka ukonde chapambali.

"Bambo, shirimpi zachepa bwanji lero? Asodzi a masiku ano mwayamba ulesi eti?"

"Si ulesi, mayi. M'madambo aboma atitsekera kaye kuti zazing'ono zikule. Tikakokolola zonse lero, chaka chamawa mudzadya chiyani? Ayisi wanuyo?"

"Mukuyankhula ngati malemu bambo anga. Zazing'ono ankazibweza m'madzi, amvekere, 'Pitani mukaitane amayi anu.'"

"Ankaponya kuti ukonde?"

"Kuseri kwa nyumba yathu, kumunsi kwa mtsinje uno. Dzina lawo linali a Ulysse Verdin. Tinasamukira ku Houston mphepo yamkuntho itatisasulira denga. Mpaka pano ndimalota udzu wa m'dambo lija ukuweyula."

"A Ulysse aja a mtengo waukulu pakhomo? Ndimadutsa pamenepo pa boti."

"Mukutanthauza pa galimoto?"

"Pa boti, mayi. Nyanja inameza dambo lonse lija ndi pakhomo panu pomwe, ndiye shirimpi zikusowa pokulira. N'chifukwa chake Loweruka timakabzala udzu kumene kwatsalako matope."

"Nanga mtengo uja?"

"Unauma ndi mchere, koma udakaima. Mbalame zimagona momwemo."

"Ine ndimati ndikachoka pano ndikaone pakhomo. Ndavala ndi nsapato zoyendera zomwe."

"Mubwere nazo Loweruka, ngati simuopa matope. Pobwerera ndidzazimitsa injini pamtengopo, mudzayang'ane mpaka mutakhutira."